Mbande za Boma pa Nyumba ya Ba Abson

Ba Abson Njobvu anafika mu Lusaka kuchokera ku Katete mbendera yatsopano isanayambe kusuluka. Anali munthu wamfupi, mkulu wa mpingo wa Reformed, womvera malamulo moti nkhuku yawo ikaikira dzira Lamulungu ankaiyang'ana ndi diso lofiira. Ntchito anaipeza ku ofesi ya boma yosamalira mitsinje, m'gulu la amuna amene ankakonza kamtsinje kotsika kuseri kwa Chelstone. Anthu anali atadula mitengo yonse m'mbali mwake, ndipo mvula ikagwa dothi linkapita ndi madzi. Gululo linkayala miyala, kubzala nsenjere, ndi kulera mbande za mikuyu ndi mibawa m'zitini pa nazale. Madzi anali atayamba kuyera. Ba Abson ankalumbira kuti nkhanu zinkawapatsa moni m'mawa.

Kenaka mkuwa unatsika mtengo, thumba la boma linabooka. Podula ndalama anayambira kumitsinje, poti mtsinje sudziwa kuvina pa msonkhano wa Chipani. Gulu linabalalika. Tsiku lomaliza kapitawo wawo, Ba Mpundu, anafika ndi lole ku nyumba ya boma imene Ba Abson ankakhalamo ku Chilenje, natsitsa zitini za mbande mpaka pabwalo panasowa poponda.

"Mdala, nazale atseka," anatero Ba Mpundu. "Imwe muli na pompi, elo simukuba. Sungani. Ni za boma izi, musagulitse, musabyale. Ndalama zikabwela, lole izabwela kutenga, tikabyale kumtsinje."

"Liti, ba kapitawo?"

"Manje-manje, sitizachedwa."

Ba Abson anasunga. M'mawa uliwonse ankathirira mbande asanasukusule. Pompi ikauma ankatenga madzi amene akazi awo, Ba Febby, anasungira kuchapa.

"A Njobvu," ankatero Ba Febby, "bwerekani wilibala mukabzale kumtsinje mvula isanathe. Mtsinjewo mukuudziwa, khasu muli nalo. Mukudikira kuti mitengoyi imere miyendo?"

"Amake Judith, mukufuna ndikafere m'ndende? Ndidutse tauni yonse ndi katundu wa boma pa wilibala? Mwaiwala za Jonas?"

Jonas anali mnansi wawo. Anyamata a Chipani anamupeza ndi fosholo ya boma, namudumphitsa ngati chule kuchokera pa msika wa Chilenje mpaka ku Kabwata. Amati mpaka lero akamva mawu oti fosholo amanjuta yekha.

Ba Abson ankapita ku ofesi kukafunsa za lole. Poyamba ankawauza kuti abwere mawa. Pambuyo pake ankapeza mipando yokha, eni ake ali pa mzere wa mafuta ophikira. Potsiriza anapeza mipando nayo kulibe.

Koma mkuyu sudikira boma. Mizu inaboola zitini n'kulowa pansi. Zaka zitapita, pa nyumba ya Ba Abson panali nkhalango. Masana ankayatsa kandulo kuti aone mbale. Zovala za Ba Febby zinkatha mwezi zisanaume. Akadzidzi a mu Lusaka monse anasamukira kumeneko ndi mabanja awo, ndipo m'busa wina amene analowa kudzacheza anatulukira ku Woodlands ndevu zitamera. Judith, mwana wawo, anakwatiwa mochedwa chifukwa anyamata ankaopa mikango.

Nthawi yonseyi kamtsinje kaja kanalibe ndi mthunzi umodzi womwe. Loweruka lina Ba Abson anayenda wapansi kukakaona. Miyala imene anayala ndi manja awo anthu anali atatola, n'kumangira maziko a nyumba. Nsenjere mbuzi zinamaliza. Ofukula mchenga anali atakumba mayenje, ndipo pamene panali kasupe panali chigwembe chofiira, chouma, chodzaza mabotolo osweka. Anaima pamenepo chipewa chili m'manja. Mitengo imene ikanagwira dothi limenelo inali ku Chilenje, yonenepa, ikudya madzi a pompi. Anabwerera kwawo, nathirira monga mwa masiku onse.

Mizu itatha pabwalo inalowa m'nyumba. Khoma linang'ambika moti Ba Febby ankagula tomato kwa odutsa ali pabedi. Kenaka inapeza mapaipi a zimbudzi, ndipo mzere wonse wa nyumba unayamba kununkha. Anansi anakadandaula kwa osamalira nyumba za boma.

M'mawa wina lole inaima pa geti. Ba Abson anathamangira kuchipinda, navala ovololo yawo yakale ndi majombo.

"Amake Judith, yabwera. Ndinakuuzani ine."

M'lolemo munatsika amuna a nkhwangwa ndi macheka. Kutsogolo kwawo kunali Ba Mpundu yemwe uja, mimba itakula, tsopano ali ku ofesi ya nyumba.

"Mdala, nindani anakuuzani kubyala mitengo pa nyumba ya boma?"

"Sindinabzale, ba kapitawo. Zili m'zitini, monga munazisiyira."

Anawatengera patsinde pa mkuyu waukulu, nafukula pang'ono ndi chala. Chitini chadzimbiri chinali pomwepo, chong'ambika, chitamatirira ku khungwa. Ba Mpundu anayang'ana chitinicho, anayang'ananso nkhalambayo, nakanda m'khosi.

"Ofesi ija inafa kudala, mdala, zaka zambiri zapita. Simunamve?"

"Nanga mtsinje?"

"Mtsinje uti?"

Anadula sabata yonse. Mibawa inapita ku Kabulonga kukasanduka matebulo a mabwana, mikuyu anagawana okha ngati nkhuni. Ba Abson anakhala pa khonde ndi ovololo yawo, dzuwa likuwawotcha pa dazi koyamba m'zaka zambiri. Lole itachoka komaliza anadzuka, nayamba kutola zitini zadzimbiri chimodzichimodzi, n'kumaziunjika bwinobwino kuseri kwa nyumba.

"Nanga izo ndi za chiyaninso?" anafunsa Ba Febby. "Tayani ku dzala la zinyalala."

"Ndi za boma," anatero Ba Abson, nazifunditsa chiguduli kuti zisanyowe.