Munathira tiyi m'botolo la mkazi wanga

Akonzi, ndiloleni ndiuze anthu a ku Chintheche, ku Kande mpaka ku Tukombo zimene nyumba ina yogona alendo kuno kwathu yachita ndi botolo la wisiki la malemu mkazi wanga. Analitsegula. Mowa anagulitsa. M'malo mwake anathiramo tiyi wozizira wosakaniza ndi kachasu, n'kundipatsa ndi manja awiri. Dzina la nyumbayo sindilitchula. Eni ake akudzidziwa.

Ndine mphunzitsi pa sukulu ya mishoni. Mkazi wanga Estere ankasoka madiresi. Bambo ake, ada Mphande a ku Tukombo, anagwira ntchito yoperekera zakumwa mu hotela ku Bulawayo zaka zambiri. Pa ukwati kapena pa Khirisimasi anyamata amafuna mowa wa m'mabotolo, ena jini, akuluakulu a kumudzi kachasu. Apongozi anga ayi. Iwo amati wisiki ndiye mowa wa anthu amene akhala pansi kuti amvane. Kawirikawiri ankatiuza kuti, “Ndatsegulira azungu mabotolo osawerengeka, koma langalanga sindinatsegulepo. Chitsekero chatsopano chimalira ukachipotokola. Ndikufuna chidzalire m'manja mwanga, botolo lili langa.”

Estere anasunga mawu amenewo. Anasokera akazi a pa esiteti ya labala miyezi ingapo, ndipo mu Novembala chaka chatha anagula botolo lathunthu m'bala ya nyumbayo. Analipira K17.50. Ndinalipo. Kunyumba sitikanapita nalo, chifukwa mphunzitsi wopezeka ndi mowa m'nyumba ya mishoni ntchito imamuthera pomwepo. Nyumbayo imasungira mabotolo anthu ambiri ogwira ntchito m'boma. Amamata kapepala, mwini wake alembapo dzina, botolo likhala m'kabati. Estere analemba dzina lake. Tinapangana kuti tidzalitenga pa Khirisimasi.

Khirisimasi isanafike anadwala malungo. Sanachire. Za zimenezo sindilemba zambiri.

Mwezi watha akuchikazi anaika tsiku londisudzula, loti andimasule pa maliro a mwana wawo. Ndinaona kuti tsiku limenelo ndi loyenera kupereka kwa apongozi mphatso imene mwana wawo sanathe kupereka yekha.

Lachinayi, 2 koloko masana, ndinafika m'bala ija. Khadi la chipani ndinali nalo, la chaka chino, pasapezeke wina wonena kuti ndinalowa molakwika. Ndinapereka moni kwa wogulitsa mowa n'kunena chimene ndadzera. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kukhomo.

“Botolo limenelo ndi la mayi. Abwere okha.”

Ndinati anamwalira.

“Pepani, ada. Mudikire a manijala.”

A manijala anali kuseri, akusewera bawo. Ndinkamva mikomo ikugwa m'maenje. Ndinakhala pa benchi mpaka 4 koloko itakwana. Atalowa sanakhale pansi. Ndinafotokozanso kuyambira pachiyambi.

“Aphunzitsi,” anatero, “aliyense akhoza kunena kuti mkazi wake anamwalira. Pano ndaona amuna ambiri akupha akazi awo pakamwa chifukwa cha botolo.”

Anaseka. Wogulitsa mowa uja anasekako pang'ono. Ine ndinali nditavala kansalu kakuda pamkono wa shati. Kodi ankaganiza kuti ndi fashoni ya ku koleji?

Anati ndibweretse kalata ya kuchipatala yotsimikiza imfa. Ndinapempha kuti ndingoliona botololo. Anati makiyi a kabati apita ndi munthu wina ku Nkhata Bay.

Lachisanu ndinasiya ana m'kalasi ndi mnzanga, n'kupalasa njinga kupita kuchipatala. Ndinaima pa khonde lomwe lija, pafupi ndi chitseko chomwe chija cha chipinda chimene Estere anamwaliriramo. Ndinapempha kalaliki kuti andilembere papepala chinthu chimene ndakhala ndikuyesetsa kuti ndisamachiganize usana wonse. Analemba. Anadinda. Ndinabwerera nayo kalatayo.

A manijala sanaiwerenge n'komwe. Botolo linali kale pa kauntala, litakulungidwa m'nyuzipepala n'kumangidwa ndi chingwe. Anati alikulunga kuti anthu a mishoni asandione nalo pamsewu. Ndinawathokoza. Ndinati, “Yewo ukongwa.” Mawu amenewo akundiwawabe mpaka lero.

Sindinamasule chingwecho. Mphatso sinali yanga.

Loweruka ku Tukombo mwambo unayenda bwino. Akuluakulu atamaliza kulankhula, ndinagwada pamaso pa apongozi n'kunena kuti Estere anawasiyira kanthu. Anamasula nyuzipepala, n'kuona dzina la mwana wawo, lolembedwa ndi dzanja lake. Kenaka analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete lawo la ku Bulawayo, atanyamula matambula anayi amene anawatsuka okha. Anauza anthu onse kuti akhale chete, amve.

Anapotokola chitsekero. Sichinalire. Chinangozungulira ngati cha botolo la palafini.

Anathirabe. Tambula yoyamba anapatsa a Yotamu, amalume ake a Estere. Yachiwiri anapatsa ine. Fungo lokha linandiuza. A Yotamu analawa, n'kulavulira pansi, n'kutembenukira kwa apongozi.

“Uyu ndi tiyi. Alamu, atinyengerera ndi tiyi ngati ana a Sande sukulu.”

Pa mphasa ya amayi nkhani inayamba pomwepo, ndipo sanavutike n'kunong'ona. Wina anati mwanayo ankafuna kutchuka ndi mphatso imene sakanaikwanitsa. Wina anati ayi, mphunzitsiyu ndiye wamwa pang'onopang'ono m'chaka cha maliro, wadzazamo tiyi. Za ine anene. Koma anatchula Estere, pakhomo pa bambo ake, manda ake ali kuseri kwa munda wa chinangwa.

Apongozi anakweza tambula yawo n'kumwa tiyi uja mpaka kutha. Chonsecho ndi munthu amene amadziwa wisiki ndi fungo lokha akadali pakhomo. Anaika tambula pansi n'kunena kuti, “Mwana wanga anagula. Ndamwa.”

Sindinalire pa maliro pamaso pa anthu. Tsiku limenelonso sindinalire. Ndinatsanzika bwinobwino n'kunyamula botolo lija.

Lolemba, nditaweruka, ndinaliika pa kauntala ya nyumba ija. Ndinapempha a manijala kuti alawe. Anakana, anati ali pa ntchito. Ndinawafunsa kumene wisiki wa mkazi wanga anapita. Poyamba anati mwina anawonongeka ndi kutentha. Ndinati ndaphunzitsa sayansi zaka zinayi, ndipo sindinamvepo za kutentha kosandutsa wisiki kukhala tiyi. Apo ndiye anakhala pansi.

Anati mu Malichi kunabwera alendo a ku boma kudzachita msonkhano. Mvula inali itadula msewu, galimoto ya mowa sinafike, ndipo alendowo ankafuna wisiki. “Munthu wamkulu sungamuuze kuti watha. Ndiye poti tinali titamva kuti mayi aja anatisiya, tinaona kuti palibe amene adzalifune.”

Ndinawapempha kuti abwereze. Anabwereza.

Akonzi, anadziwa. Kuyambira mu Malichi anadziwa kuti Estere anamwalira. Lachinayi lija, pamene ankati abwere yekha, ankadziwa. Pamene ankaseka za amuna opha akazi awo pakamwa, ankadziwa. Ananditumiza kuchipatala kukatenga kalata ya imfa ya mkazi wanga kuti iwo apeze nthawi yofulula tiyi n'kumuziziritsa.

Ndinawafunsa kuti bwanji sanangondiuza zoona Lachinayi lomwelo. Ndikanakwiya, inde, koma ndikanapita kwa apongozi chimanjamanja n'kuwafotokozera. Anati ankaopa kuti ndichita phokoso. Ndinafunsa kuti bwanji sanagule botolo lina msewu utakonzedwa, popeza ndalama za matoti a wisiki amene anagulitsa analandira. Anati zimenezo ndi za ofesi. Kenaka anati kuti nkhani ithe andipatsa kireti ya mowa wa m'mabotolo, ndikagawire akuchikazi.

Ndinakana. Pamenepo mawu awo anasintha.

“Aphunzitsi, amene anamwa aja ndi akuluakulu. Mukufuna ndikawauze kuti mphunzitsi wa pa mishoni akuwatcha akuba? Nanga a mishoni akamva kuti mumasungitsa mowa?”

Ndiyankha pano, poyera, kuti asavutike kukanena. Alendo aja sindikuwaimba mlandu. Anaitanitsa wisiki, anapatsidwa, analipira. Sanadziwe kuti botolo ndi la yani. Amene anadziwa ndi inu, a manijala, chifukwa dzina linali pamenepo. Munalibisa ndi chala pothira? Za mishoni, abusa ndawauza kale ndekha. Zimene angagamule ndizilandira.

Kwa inu amene mumasungitsa mabotolo m'nyumba zoterezi, pitani mukaone anu. Muwagwire ndi manja, mupotokole chitsekero pamaso pawo. Akakupatsani lokulungidwa m'nyuzipepala, mumasule pomwepo. Ndipo musadwale, chifukwa kumeneko mbiri ya maliro anu imafika msanga kuposa kwa abale anu.

Kwa a manijala, kireti yanu sindikuifuna. Ndalama zija sindikuzifuna. Ngakhale mutagula botolo lina lero, silikhala limene Estere anasankha, ndipo apongozi anena kale kuti sadzamwanso wisiki. Ndikufuna chinthu chimodzi. Ku Tukombo kuli anthu amene akukhulupirira kuti mkazi wanga ananamiza bambo ake. Iye sangadziyankhire, ndipo ine ndikalankhula amati ndikudziteteza. Inu nokha ndi amene angakumvereni.

Loweruka likubwerali basi ya m'mawa imadutsa pakhomo panu. Ya basiyo ndilipira ine, kupita ndi kubwera. Mukaime pamaso pa ada Mphande, a Yotamu ndi amayi onse aja, munene kuti, “Mwana wanu anagula wisiki weniweni. Tiyi ndinathira ndine.” Sakumenyani. Mwina adzakupatsani mpando. Mukapanda kubwera, kalata yotsatira ndidzalembamo dzina lanu ndi la nyumba yanu, ndipo ndidzasaina ndi langa.