Lilime Langa ndi Kapu Yachinayi

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinasiya sukulu, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, n'kulembedwa ntchito pa fakitale ya tiyi ku Thyolo. Anzanga ankanyowa ndi chiperoni m'minda, madengu kumsana, koma ine ndinagwera m'chipinda cholawira tiyi. Ntchito yanga inali kutsuka makapu oyera, kuwiritsa madzi ndi kuyeza masamba pa kasikelo. Mkulu wa chipindacho anali a Namakhwa, Mlomwe wamfupi amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique ali mnyamata. Iwo ankalawa tiyi wa tsikulo mzungu woyang'anira fakitale asanafike, ndipo zimene anena sizinkaphonya.

Malaya oyera amene anandipatsa anandizunguza mutu. Ndinapalana ubwenzi ndi wophika wa kunyumba kwa bwana, amene ankandisungira khofi wotsala m'kachitini. Khofiyo ndinkamuphika wakuda bii, shuga masupuni anayi, katatu pa tsiku, ndipo phala la mayi m'mawa ndinkalikana, ati ndi chakudya cha ana. Ndinayambanso kusuta, poti makalaliki ankasuta. Posakhalitsa mtima unkagunda ngati ndathamanga, manja ankanjenjemera, ndipo m'mwezi umodzi ndinaswa makapu atatu.

Tsiku lina a Namakhwa anandiikira makapu awiri patsogolo.

"Layisoni, m'modzi mwa awa wapserera m'makina oumitsira. Ndi uti?"

Ndinapsontha, ndinalavula, ndinapsonthanso. Onse anali madzi otentha chabe. Ndinaloza mongoganizira, ndipo ndinaphonya.

"Tamvera, mwanawe," anatero osakweza mawu. "Mvula ikatha, bwana asankha mnyamata m'modzi woti aphunzire kulawa, iwe kapena mnzako wa m'chipinda muno, Edwini. Wotsalayo akasenza nkhuni za bulugama kung'anjo. Edwini sukulu sanapite nayo patali ngati iwe, koma lilime ali nalo. Lako walikwirira wekha. Ubwere kwathu Lamulungu tikaweruka kutchalitchi."

Kwawo kunali ku Khonjeni, ndipo ndinayenda wapansi. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi, anali ndi zitsamba zinayi za tiyi zimene anadzala okha. Anathyola nsonga zanthete, n'kuzikazinga pang'ono pa phale lotentha zisanafote, kenako anazitikita m'manja ndi kuziyanika pa lichero. Anandiuza kuti anaphunzira zimenezi kwa mmwenye wina amene anamugwirira ntchito asanabwere kuno. Tiyi wathu wa kufakitale tinkamusiya kuti ade asanaume. Uyu anakhalabe wobiriwira. Anatenga wina wouma kale, nathiramo madzi amene anali atasiya kubwata. Madziwo anatuluka achikasu, owala mpaka pansi pa kapu.

"Shuga ali kuti?" ndinafunsa.

"Kusitolo."

Ndinamwa, nkhope n'kukwinyika. "Awa ndi madzi a udzu, bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Khofi si mfiti ayi, nanenso ndinamumwapo. Koma khofi wako uja amakuwa. Uyu amalankhula motsitsa. Khutu lozolowera wokuwa silimva wolankhula motsitsa, ndipo ntchito yathuyi ndi yomvera zotsitsa."

Anandimangira masamba m'kansalu ndi malamulo ochepa: phala m'mawa uliwonse, madzi ambiri, fodya ayi, khofi ayi, ndipo tiyi ameneyu kawiri pa tsiku wopanda shuga.

Masiku anayi oyamba mutu unandiwawa ngati wina akukhoma msomali pamphumi. Ndinkayasamula pantchito, ndinkakalipira azing'ono anga popanda chifukwa. Mlungu wachiwiri ndinagwa: wophika uja anandikodola, ndipo ndinamwa makapu awiri a khofi. Nditabwerera m'chipinda, a Namakhwa anangonunkhiza mpweya, n'kundipatsa madzi otsukira m'kamwa. Manyazi a tsiku limenelo anandichiritsa kuposa chikwapu.

Zinthu zinabwerera pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi. Ndinayamba kumva kuti chinangwa cha kudimba kwa mayi n'chotsekemera pachokha. Ndinazindikira kuti madzi a pachitsime chathu ndi a pampopi wa fakitale si amodzi. Madzi a udzu aja anayamba kukoma ngati mtedza wokazinga kumapeto kwa lilime. Manja anakhazikika, ndipo supuni inasiya kulira m'kapu.

Tsiku losankha linafika m'mwezi wa Meyi, kukuzizira. Bwana anayala makapu asanu, iye kumapeto kwa tebulo, a Namakhwa pakhomo manja kumbuyo. Edwini anayamba. Anasanja makapu bwino lomwe, wabwino kwambiri mpaka wotsika, ndipo bwana anagwedeza mutu kuvomera. Ine nditafika pa kapu yachinayi ndinaima. Ndinapsonthanso. Kumbuyo kwa kukoma kwake kunali kanthu kena, kakang'ono zedi, konga fungo la bulangete logona m'khitchini.

"Uyu ali ndi utsi, bwana," ndinatero.

Bwana analawa, n'kupukusa mutu. Anati tiyi ameneyo ndi wa m'mawa womwewo ndipo alibe vuto. Edwini anayang'ana pansi kubisa kumwetulira. Ndinacheukira kwa a Namakhwa, koma iwo ankayang'ana kudenga. Ndinadziwa kuti ndikabweza mawu ndipulumuka manyazi, komabe utsiwo unali pa lilime langa.

"Ulimo, bwana. Utsi wa bulugama."

Mzunguyo anafiira, natiuza kuti timutsatire. Tinadutsa m'phokoso la makina mpaka kung'anjo, ndipo analamula kuti achepetse moto. Makaniko atasuzumira ndi nyali, anapeza kamng'alu pa paipi imodzi, kopyapyala ngati tsamba la udzu. Utsi unkalowera pomwepo n'kusakanikirana ndi mpweya woumitsa tiyi. Akanachedwa mlungu umodzi, mabokosi ambiri akanawonongeka.

Anthu a kung'anjo anaomba m'manja. Amayi osankha timitengo m'tiyi anaimba nthungululu osadziwa n'komwe chachitika. Bwana anandigwira chanza, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo akuchitira munthu wakuda aliyense pafakitalepo. A Namakhwa anadikira mpaka tili awiri.

"Ndinaumva m'mawa, ndisanakhale n'komwe pansi," anatero. "Ndimafuna ndione ngati uimirira."

Ndinalawa tiyi zaka zambiri kuchokera tsiku limenelo, ndipo Edwini, amene ndinamupemphera malo kwa bwana chaka chotsatira, anakhala mnzanga mpaka imfa yake. Khofi ndimamwabe mwa apo ndi apo, kapu imodzi, ndipo amandikomera kuposa nthawi imene ndinali kapolo wake. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti pa msinkhu uja munthu amasankha zizolowezi akuyesa ndi masewera, osadziwa kuti akusankha nkhalamba imene adzakhale. Ine ndinasankha yanga ndi mutu wowawa kwa masiku anayi, ndipo lero, mano atatha m'kamwa, ndikukwerabe chitunda cha kwathu popanda ndodo.