Phukusi la Pafupi ndi Chitseko

Fungo la dothi lozirira nyumba limandikumbutsa kafukufuku yekhayo amene ndinamumaliza, poti universidade ndinaisiyira panjira.

Titathawira nkhondo ku tauni ya Furancungo tinapeza kanyumba. Amayi anaika phukusi pafupi ndi chitseko, natiletsa kulikhudza. Nditalinunkhiza miyezi ingapo pa kafukufuku wangayo, ndinagamula kuti muli mabolasha, kapena kuti mabisiketi.

Tsiku lina anazira pansi ponse, n'kulimasula. Munali gombeza, mchere ndi mbewu ya nyemba.

"Amayi, mabolasha aja mwadya nokha?"

"Eya, ndi mapepala ake omwe. Tenga khasu tikadzale nyembazi kuseri."

Ndinawanyanyala mpaka madzulo. Pano ndikudziwa kuti woyembekezera kuthawanso samasula katundu. M'nyumba muja tinkangogonamo. Kukhalamo tinayamba tsiku limenelo.