Dimba la Amayi Litawolokera ku Ntchisi

Mudzi wathu uli m'chigwa, pakati pa mapiri, kumene boma la Dowa limathera. Kumunsi kwa mudzi kuli kamtsinje koti m'chilimwe munthu amadumpha osanyowa phazi, ndipo tonse tinakula tikudziwa kuti tsidya lake ndi Ntchisi. Sinali nkhani yaikulu. Anthu a tsidya ankapemphera kutchalitchi kwathu, ife tinkagayitsa chimanga kuchigayo chawo. Kusiyana kunkaoneka pokhapokha munthu akafuna za boma: ife tinkakwera zitunda kulowera ku Dowa, iwo ankapita kumene akuluakulu ankatchulabe kuti ku Visanza, dzina lakale la Ntchisi Boma.

Amayi anali ndi dimba limene anawasiyira amayi awo. Linali pamalo pamene mtsinje unkakhota, n'kulizungulira mbali zitatu, kusiya khosi lopapatiza lolowera kuchokera kwathu. Pakhosipo panali bango lambiri ndi mitengo ingapo. M'dimbamo munali nthochi ndi nzimbe, ndipo m'chilimwe tinkadzalamo tomato, mpiru ndi chimanga chodya chachiwisi. Moyang'anizana nalo, tsidya lija, panali munda wa akazi a atsibweni. Atsibweniwo anali mlongo wawo yekhayo wa amayi, ndipo anakakwatira tsidya n'kukhala komweko chikamwini.

Chaka chimene ndikukamba ndinali pakhomo, nditalemba mayeso a Fomu Folo, ndikudikira zotsatira. Mvula inagwa kumapiri masiku otsatizana, yosalekeza. Itakata, ine ndi amayi tinatsetsereka kukaona nthochi. Tinapeza pamene panali khosi pakuthamanga madzi ofiira, akuya mpaka m'chiuno. Mtsinje unali utadula njira yachidule. Kumene unkadutsa kale kunangotsala matope ndi tizithaphwi, ndipo dimba lonse linali litalumikizana ndi munda wa akazi a atsibweni.

Amayi anaima nthawi yaitali, manja ali m'chiuno. Kenaka anayamba kuyenda m'mphepete mwa gombe latsopanolo akuyang'ana pansi. Anandikodola.

"Taona apa. Bangoli latha bwanji?"

"Lakokoloka, amayi."

"Lokokoloka limasiya ziputu zosongoka chonchi? Ichi n'chikwanje."

Ndinawerama. Zinalidi ziputu zodulidwa, zina zakuda ngati zinapsa. Chapatali pang'ono panali zitsa ziwiri za mitengo. Ndinanena kuti mwina ndi anthu oluka mphasa, kapena moto wa osaka mbewa. Amayi anali atayang'ana kale kwina. Maso awo anali tsidya, kumene akazi a atsibweni ankabandira chimanga chawo. Iwo anaweramuka natibayibitsa. Amayi anakweza dzanja pang'ono, n'kutembenuka.

Pofika Lamulungu nkhani inali itafika paliponse. Panja pa tchalitchi, Misa itatha, anthu ankatizungulira aliyense ndi nzeru zake. Ena ankati malire ndi madzi, madzi akasuntha malire asuntha, ndiye dimba tsopano lili m'manja mwa mfumu ya tsidya. Ena ankati zinachitikapo kwina, mwini munda anangouona ukupita. Mayi wina wa mphakati wathu anakokera amayi pambali n'kuwanong'oneza kuti chilimwe chapitacho anaona alamu awo aja, akazi a atsibweni, akuchokera chakukhosi kwa dimba atasenza mtolo. Mtolo wa chiyani, sanaonetsetse.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anayamba kukumbukira zinthu. Anakumbukira kuti alamu awo ananenapo kuti dothi la m'dimba lathu ndi lamafuta, lawo ndi mchenga. Anakumbukira kuti pamaliro ena anawafunsa ngati ana aakazi tidzakhale pamudzi kapena tidzapite kutauni. Mawu amene anapita kale ndi mphepo ankabwerera limodzilimodzi, ndipo amayi ankawatembenuza uku akusenda mtedza.

Abambo sankanenapo kanthu. Anali munthu wa fodya, wochokera cha ku Mponela, ndipo pa nkhani za malo a mbumba ya amayi ankati mkamwini salowerera. Nthawi imeneyo ankakhalira kuchigafa, kusoka ndi kupachika fodya.

Amayi anati tipite ku Boma tikamve kwa eni ake mapu. Tinayenda pansi mpaka kumsewu chifukwa njinga zamoto zinkakana kutsikira kwathu m'matope, ndipo kumeneko tinakwera lole ya matumba. Dowa Boma inamangidwa pamalo okwera, misewu yake yokhotakhota potsata zitunda. Kumazizira ngakhale dzuwa likuwala. Nyumba zina za maofesi ndi zakale, zamakoma ochindikala, zamakhonde aatali, ndipo pakhonde lina lotere tinakhala pabenchi kudikira. Amayi anali atamanga chitenje chawo cha kutchalitchi. Anandiuza kuti ndisalankhule kanthu, ndingomvetsera bwino ngati bwanayo aponyemo Chingerezi.

Anatilandira bambo wina wachikulire ndithu, waulemu. Amayi anafotokoza zonse, koma za bango sanatchule.

"Mayi, mtima ukhale pansi," anatero bamboyo. "Malire a maboma sathamanga ndi madzi a chaka chimodzi. Ndipo ngakhale akanasuntha, boma la Ntchisi silingakulandeni dimba. Alipo ambiri okhala kuno olima uko. Malire amenewa ndi oti tidziwe woyang'anira msewu, sukulu, chipatala. Munda ndi wa mwini wake. Mukhale pansi ndi mafumu a mbali zonse ziwiri, aone, achitire umboni. Si kumunsi kwa chigayo kuja?"

Anatchula dzina la mudzi wa tsidya. Amayi anawongoka pampando.

"Mukudziwako, bwana?"

"Ndinaphunzirako pulayimale. Bambo anga ankaphunzitsa kumeneko."

Amayi anathokoza, anawomba m'manja mwaulemu, tinatuluka. Ine mtima unali utapepuka. Titafika pamsika ndinati, "Mwamvatu, amayi. Dimba ndi lathu."

"Ndinamuuza ine dzina la mudziwo?"

"Wanena kuti anakulira konko."

"Ndiye ndi wa konko. Wati tikhale chete, mafumu aone. Pofika poti aone, anthu adzalamo kale zawo."

Sanagule kalikonse pamsikapo. M'lole pobwerera ankayang'ana mapiri okhaokha, ndipo ine ndinayamba kudzifunsa ngati bambo uja sanafulumiredi kutchula mudziwo. Ndi mmene chikayiko chimalowera. Ndinali nditamukhulupirira ndili mu ofesi, koma pofika kumsewu wa kwathu nkhope yake ndinkaikumbukira mwina.

Patapita masiku, madzi atachepa, atsibweni anawoloka. Anabwera ndi mkoko wa nthochi panjinga ndi mtolo wa nzimbe. Anakhala pampando pansi pa mango, amayi pamphasa, ine chapambali.

"Achemwali, izi n'zanu. Alamu anu anaona kuti mbuzi zayamba kulowa, ndiye anati tidule zokhwima tikupatsireni."

"Analowa m'dimba?"

"Nanga akanadula ali kunja?"

"Kale sankalowa."

"Kale panali madzi, achemwali."

Amayi anayang'ana nthochizo osazikhudza. Atsibweni anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunathera panjira.

"Ndamva kuti munapita ku Boma. Ine ndilipo, mwini mbumba, inu n'kukwera lole osandiuza?"

"Mwini mbumba amagona kuti?" anatero amayi motsitsa mawu.

Atsibweni anapempha madzi akumwa, ndinawapatsa nditagwada, anamwa theka n'kutsanzika. Atangopita, amayi anathyola nthochi imodzi n'kuponyera mbuzi yathu. Mkokowo anaupachika m'khitchini natiletsa tonse kuukhudza. Masiku otsatira ankayang'anitsitsa mbuziyo m'mawa uliwonse potsegula khola. Mbuzi inali bwinobwino. Nthochi zinapsa, zinada, ntchentche zinadzaza, ndipo pamapeto ndinakazitaya kudzala. Nzimbe zinauma zili chotsamira khoma.

M'masiku amenewo ndi mmene ine ndinayambira kukayikira kwina. Ndinkathandiza abambo kuchigafa, kuwapatsira fodya wosokedwa kale iwo ali pamwamba. Chigafacho anachikulitsa chilimwe chapitacho. Nditakweza maso ndinaona kuti mphanda ziwiri zatsopano sizinali za bulugamu ngati zinzake. Zinali za mitengo ya m'madambo, makungwa ake akadalipo. Ndinakumbukira zitsa ziwiri zija. Ndinayang'ana abambo, iwo anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Patsa wina." Ndinapereka. Sindinauze amayi. Koma kuyambira pamenepo, amayi akamakamba za alamu awo pa chakudya, ine ndinkayang'ana dzanja la abambo ngati liima. Nthawi zina linkaima. Mwina linkaimanso kale, sindinkaliyang'ana.

Mafumu anabwera m'nyengo yokolola, wathu ndi wa tsidya, anthu awiri odziwana kuyambira ubwana. Anayenda m'khwawa lakale lija akucheza za mitengo ya fodya, n'kugwirizana mosavuta kuti dimba ndi la amayi ndipo malire ndi pamene madzi ankadutsa kale. Amayi sanakondwe nako kufulumirako. Atsibweni ndiwo ananena kuti kuti mitima ikhale pansi, tonse tikumbe khwawa lakale ndi kutseka njira yatsopano, mtsinje ubwerere kwawo.

Tinachita zimenezo m'chilimwe. Anabwera anthu a mbali zonse ziwiri ndi makasu, mafosholo ndi matumba odzaza mchenga. Akazi a atsibweni anabweretsa thobwa m'ndowa. Amayi anabweretsa lawo. Ntchito inkayenda, anyamata akuimba, mpaka pamene amayi ndi alamu awo anapezeka atayandikana potuta dothi.

"Alamu, chaka chonse simundiyankha bwino moni. Ndinakulakwirani chiyani?" anafunsa akazi a atsibweni.

"Palibe."

"Akuti mumati ndinadula bango ine."

"Ndani akuti?"

"Onse. Ndinadula, inde, mtolo umodzi wa mpanda wa bafa. Theka la mudzi wanu linadulanso. Koma mitengo ija sindinadule ine. Mkazi angagwetse mitengo ija? Amene anadula akudzidziwa, ndipo lero ali pompano."

Sanaloze munthu. Sanayang'ane ngakhale kumene kunali abambo. Koma kuimba kunaleka, ndipo amuna amene analipo anayamba kuyang'anana. Panali amuna ambiri a zigafa tsiku limenelo, a kwathu ndi a tsidya. Abambo anapitiriza kukumba. Amayi anayang'ana amunawo mmodzimmodzi, ndipo atafika pa amuna awo maso awo anakhalitsa pang'ono. Kenaka anasenza dengu lawo n'kupitiriza.

Madzulo ake amayi anapita kuchigafa, kumene sankapita kawirikawiri. Ndinawaona ataima pakhomo pake, fodya atachoka kale, mphanda zonse zikuonekera. Atabwerako, za alamu awo sanazikambenso pa chakudya. Komanso sanawoloke kukapepesa.

Mvula itabweranso, mtsinje unakana kusankha. Unaphwasula matumba athu n'kudutsa njira yatsopano, komanso unadzaza khwawa limene tinakumba. Dimba linasanduka chilumba. Mchenga unakwirira mbali ya tomato, nthochi zokha n'zimene zinapirira. M'dzinja palibe amene ankalifika, wa ku Dowa kapena wa ku Ntchisi. M'chilimwe amayi ankawoloka, ndipo chaka chimenecho anadzala khonje mzere wonse kumbali yoyang'ana munda wa alamu awo, ngakhale panali kale madzi pakati.

Ine ndinakhoza mayeso ndipo ndinachoka kukaphunzira zauphunzitsi. Za mphanda zija ndinafunsa abambo kamodzi kokha, patapita zaka, ndikuwaperekeza kukwera minibasi ku Mponela.

"Mitengo ija ya pakhosi munadula ndinu?"

"Ndinadula mitengo, koma ya kumtunda, kutali ndi dimba. Ya pakhosi ndinaipeza itagwa kale."

"Anagwetsa ndani?"

"Ukufuna tiyambirenso?"

Minibasi inadzaza, anakwera. Sindikudziwa ngati ananena zoona. Ndikudziwa kuti ndinawayang'ana pawindo mpaka galimoto inakhota, kufunafuna chinachake pankhope pawo, ndipo sindinapeze kanthu.

Amayi ndi atsibweni anayambiranso kulankhulana pang'onopang'ono, pamaliro ndi pamaukwati, poti mbumba siyenda popanda mwini wake. Ndi alamu awo zinangotsala za moni. Atsibweni atadwala matenda awo omaliza anawatengera kuchipatala cha ku Ntchisi Boma, ndipo amayi anapita kukawadwazika. Anagona pansi m'chipinda chimodzi ndi alamu awo, kuphika pamafuwa amodzi kumalo kwa odikira odwala. Mng'ono wanga amene anawaperekeza akuti ankagawana mchere ndi nkhuni bwinobwino, koma ndiwo aliyense ankaphika mumphika wake.

Dimbalo tsopano amalima mng'ono wangayo. Anagula kapampu ka injini ndipo amagulitsa tomato kwa ogula ochokera ku Lilongwe, amene amafika ndi galimoto kudzera msewu wa tsidya chifukwa ndi umene unakonzedwa. Mabokosi ake a tomato amasungitsa kwa mwana wa atsibweni. Amayi, amene tsopano sayenda mtunda wautali, amamufunsa akabwerako ngati anawerenga mabokosi asanachoke, ndipo iye amati anawerenga.