Kukamvetsa Azakhali Nyimbo Yawo Yoduka

Ndinanyamuka mu Lilongwe m'mawa wa Loweruka, katundu wanga wofunika ali kasipika kokwana m'thumba la jekete. Ndinkapita kwa azakhali anga, aNangozo, kumapiri a kufupi ndi Nzama. Malemu amuna awo pochokera ku migodi ya ku Joni anabwera ndi galamafoni ndi mbale imodzi ya nyimbo zakale zachizungu, zija za mavayolini ankhaninkhani. Mbaleyo inakalika m'njira. Mayi woyimbamo akangoyamba kukweza mawu, singano inkakakamira n'kumangobwereza pomwepo. Bambowo ankati, "Kutsogoloko ndiye kuli nyimbo," koma anatsikira kulichete azakhali asanamve kutsogoloko. Tsopano makutu awo akutha, ndipo chaka chamawa mwina sadzamvanso kanthu.

Mnzanga wina woyimba limba kutchalitchi ataona chithunzi cha mbaleyo anandiuza kuti nyimbo zoterezi anazichotsa phokoso n'kuzitulutsanso mwatsopano. Anandiikira ya azakhaliyo pa kakhadi, n'kuwonjezerapo zina zingapo. Ya azakhaliyo ndinalumbira kuti sindiimvera mpaka nditafika.

Minibasi ndinalipira zikwi khumi ndi ziwiri, ndipo kondakitala anatipanikiza anayianayi ngati matumba. Dzuwa lili paliwombo tinaima pa Lizulu. Amene simunafikepo, dziwani kuti pamenepa mukangowoloka msewu kukagula tomato mwalowa m'dziko la Mozambiki, osafunsidwa pasipoti. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya chothira tsabola wambiri, mphepo yozizira ikundilowa m'khosi. Pokweranso, pambali panga panakhala mayi wina wonenepa, thumba lake la kachewere lili pamiyendo yanga ine. Ataona kasipika kakusuzumira m'jekete, anandigunda ndi chigongono.

"Achimwene, kawailesi kanuko n'kongoonetsa? Yam'galimotoyi ndi yakufa, tatiyatsirani."

"Ndikusunga moto, mayi. Komwe ndikupita kulibe magetsi."

"Aaa, nyimbo imodzi yokha ingathe moto? Kuumira kwanji kumeneko!"

Ndinagonja, n'kuyatsa ina mwa nyimbo zowonjezera zija. Mavayolini atangoyamba kulira chapansipansi, kondakitala anatembenuka. "Bwana, wamwalira ndani?" Galimoto yonse inafa ndi phwete, ine manyazi atandigwira. Koma nyimboyo inayamba kukwera, malipenga n'kulowa, kenaka ng'oma zikuluzikulu ngati bingu la mvula yoyamba. Kuseka kunatha. Tinkatsetsereka kulowera ku Biriwiri, mapiri atandandalika mbali zonse, minda ya ndiwo ili biriwiri m'makwawa. Msewu umenewu ndaudutsa kambirimbiri, koma tsikulo ndinachita mantha ndi kukula kwa dziko. Kondakitala anaiwala kuitanira anthu pa siteji ina.

"Kodi onsewa akuyimba nthawi imodzi, osasokonezana?" anafunsa mayi uja monong'ona. "Tabwerezani ya bingu ija."

Ndinabwereza. Potsika pa Biriwiri, kagetsi ka pa sipika kanali katafiira. Moto unali ukutha.

Wanjinga yamoto anati zikwi zisanu, tinagwirizana zinayi. Msewu wafumbi unakhotakhota m'mapiri, ine dzanja limodzi ndagwira chitsulo, lina ndaphimba thumba la jekete ngati kuti kuphimbako kungasunge moto. Ndinamufunsa ngati pali potchajira m'njira. "Alipo wa sola patsogolopa, koma lero ali ku maliro," anatero.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Azakhali anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Moni wawo unali wofuula, ndipo anandifunsa za ana mmodzimmodzi, ine ndikungoganiza za kagetsi kofiira kaja. Kenaka ndinawayandikira kukhutu lakumanzere, lomwe likumvabe pang'ono.

"Azakhali, ndabwera ndi nyimbo ya abambo aja."

"Ija inafa kalekale, mwanawe. Galamafoni yake inachita dzimbiri."

Ndinawagwiritsa kasipika pakhutu n'kuyatsa. Lichero linaima. Mawu a mayi uja anatuluka oyera mbee, opanda chiphokoso chilichonse, ndipo azakhali anayamba kung'ung'udza nawo limodzi, osaphonya. Pofika pamalo paja, dzanja lawo linanyamuka lokha kufuna kukachotsa singano. Koma mayiyo sanakakamire. Anapitirira kukwera, kukwerabe, mpaka ine tsitsi linandiimirira. Ndiye mwadzidzidzi khamu la anthu, amuna ndi akazi, linamuyankha ndi mawu amodzi, mavayolini ndi malipenga ali pambuyo. Sindinamvepo chinthu chachikulu chotero chikutuluka m'kanthu kochepa chonchija. Misozi inandilengeza, ndipo sindinaibise.

Sipika inazima nyimbo isanathe, koma azakhali anakhalabe ataigwira pakhutu.

Inu amene muli ndi makolo osunga mbale zakale, funafunani nyimbo zotulutsidwanso zimenezi, za magulu aakulu, za makwaya, ngakhale za oyimba anayi okha. Musadikire kuti makutu awo atsekeke, ndipo m'minibasi musamvere zokoma za anthu. Ine ndinkayesa kuti ndikukangowasangalatsa azakhali ndi nyimbo. Sindinkadziwa chomwe ankamva m'nyimboyo zaka zonse zaumasiye wawo, mpaka pamene anatsitsa sipikayo n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndinkamumvera chisoni mayiyu, ndinkati akulira yekhayekha ngati ine," anatero. "Kani anzake analipo, amangomudikira?"