Diso Logula la a Darmawi

Ku Pariaman aliyense wa munda wa kokonati ankawadziwa a Darmawi. Chuma analibe, kusukulu sanapite patali. Anali mkamwini chabe pakhomo pa akazi awo, mayi Yusnimar, ndipo munda wonse unali wa kuchikazi. Kuno timati mkamwini ndi phulusa la pachitsa, mphepo ikangowomba lapita. Koma phulusa ili linakhala zaka makumi atatu osauluka, chifukwa cha mfuti yopopa. Gologolo akaboola kokonati m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo anali atagwa pansi.

Kenako maso anayamba kuchita nkhungu. Kokonati zobooledwa zinachuluka m'mitengo, mpaka mlamu wawo Ajo Bakar, mwini mbumba, anabwera manja ali kumbuyo.

"Sutan," anawaitana ndi dzina laulemu limene akuchikazi amaitanira mkamwini, "agologolo anenepa bwanji chaka chino! Mwayamba kuweta? Mwezi ukatha zili chonchi, ndiitana anyamata a kalabu ya mfuti. Inu muzipumako."

Kupumako! Mkamwini wopuma amadya mpunga wa yani?

M'mawa mwake a Darmawi anakwera njinga yamoto kukafuna galasi lomangirira pamfuti. Magalasi abwino mtengo wake unali wa mbuzi yathunthu, ndiye anasankha lotchipa, la kamtanda pakati. Atafika kunyumba anamata pepala pakhoma la khola la nkhuku, anabwerera m'mbuyo mapazi makumi awiri, n'kupotokola timawilo ta galasilo mpaka chipolopolo chilichonse chikulowa pakadontho. Anamwetulira okha.

Kumunda anapeza gologolo ali pamwamba penipeni, akudya mosatekeseka. Anakweza mfuti, kamtanda pamutu, phaa! Tsamba linang'ambika pamwamba pake. Gologolo anagwedeza mchira n'kupitiriza kudya. Kachiwiri chimodzimodzi, kachitatu chimodzimodzi.

"Galasi labodza!" anakalipa.

Anabwerera kusitolo n'kusinthitsa ndi lina lalitali, lokuza zinthu kwambiri. Limenelo ndiye linawapsetsa mtima koposa: akaloza kumtengo ankangoona tsamba limodzi likuvina, gologolo osadziwika komwe ali. Anasinthitsanso. Wogulitsa akamva njinga yawo ankayamba kupukuta mashelefu amene anali atapukuta kale. Galasi lachitatu nalo pakhola linkamenya pakadontho, kumunda n'kumalasa mitambo. Pomwera khofi a Darmawi analibe nkhani ina.

"Dzanja langa silinaphonyepo," ankatero, akugogoda tebulo. "Ndi magalasiwa. Zonse zili m'galasi, amuna anzanga. Munthu ulibe chochita."

Ananena zimenezi tsiku lililonse, kwa aliyense, ngakhale kwa Ajo Bakar.

Kutatsala masiku anayi kuti mwezi uthe, mayi Yusnimar anatopa nazo. Anali akupala kokonati pakhonde pamene amuna awo ankamatanso pepala lina pakhola.

"Uda," anawaitana monga mkazi amaitanira mwamuna wake kuno, "nkhuku zanga zasiya kuikira chifukwa cha inu. Tandiuzani, gologolo munamuonapo atakhala pakhoma?"

"Zamfuti uzisiye, Yus."

"Ndazisiya. Koma pepala lili pansi, gologolo ali kumwamba. Inu mukuphunzitsa galasi kuwombera khola."

A Darmawi anayang'ana pepalalo, kenako kumitengo. Anakumbukira dzanja lawo. Zaka zonsezi, akamaloza kumwamba ankatsitsa mfuti pang'ono, kunsi kwa mimba ya gologolo, chifukwa chipolopolo chopita kumwamba chimadutsa pamwamba pa pomwe walozapo. Sanaganizepo za izi, dzanja linkangochita lokha. Kubwera kamtanda, iwo anasiya kumvera dzanja n'kumamvera kamtandako. Manyazi anawagwira, ndipo chowawa kwambiri n'chakuti wowauza anali munthu amene sanagwirepo mfuti.

"Ndiye ndikwere mtengo ndikamate pepala, ndi mawondo anowa?"

"Pepala lanjinso? Mabowo agologolo akubooleranitu kale, adzaza munda wonse."

Anapita. Analoza bowo la kokonati yowonongeka, anawombera, anapotokola kawilo, anawomberanso. Pofika kachisanu chipolopolo chinalowa m'bowomo, kokonati n'kulira phuu.

Tsiku lomaliza la mwezi Ajo Bakar anapeza michira khumi ndi iwiri itayanikidwa pawaya. Anaiwerenga ndi chala, n'kugwedeza mutu.

"Anyamata aja asavutike kubwera," anatero.

Mtima wa a Darmawi unakhala pansi. Anaongola msana, kudikira mawu otsatira. Mlamuyo ananyamula mfuti, anaika diso pagalasi, n'kuloza kumtengo.

"Eee, koma galasi ili! Munanenadi, Sutan, zonse zili m'galasi. Ndi limeneli ngakhale ine ndingagwetse gologolo. Munagula kuti?"

A Darmawi anatembenuka. Anayang'ana akazi awo, koma mayiwo anawerama n'kumapala kokonati, mapewa akugwedera ndi kuseka. Akanatsutsa bwanji? Mwezi wathunthu mawuwo anawalalikira okha.

"Kumsika," anayankha. "Pafupi ndi ogulitsa nsomba zouma."