Filiji ya ku Chelstone Inandiitana

Ana anga, adzukulu anga, sabata ino ndavina! Ndavina pokwerera basi ku Chelstone mpaka kondakitala anafunsa ngati ambuya alawako kenakake. Sindinalawe kanthu ine. Ndinangokana filiji.

A ku Kabwata mumandidziwa, ndine mayi uja wogulitsa chakumwa cha munkoyo pafupi ndi msika. Filiji yanga inafa chaka chatha. Inangoti kho! n'kukhala duu. Kuyambira pamenepo munkoyo wanga umakhala wofunda ngati tiyi, ndipo dzuwa likaswa mtengo chonchi, anthu amalawa, n'kukwinya nkhope, n'kuwoloka msewu kupita kwa mnzanga wa mabotolo ozizira.

Tsono tinali ndi maliro. Madalitso, mwana wa malemu mkulu wanga, anatisiya. Anasiya mkazi, bana Mwansa, mwana wachiBemba wa ku Luapula, ndi ana aang'onoang'ono. Titaika maliro, abale tinakhala pabalaza kuti tigawe katundu. Wotsogolera anali mlongo wanga, a Yotamu, malume wake wa malemuyo.

Anayamba kuloza ndi chala. Mipando kwa uyu. Wailesi yakanema kwa uyo. Matiresi kwa msuweni wina amene sindinamuonepo ngakhale kuchipatala.

“Mukazi abwelele kwawo na mapoto yake,” anatero a Yotamu. Kenaka anatembenukira kwa ine. “Imwe alongo, ndimwe amai otsala. Filiji ni yanu.”

Mayo ine! Inali pakona paja, yoyera mbee, yaitali kuposa ine, ya zitseko ziwiri, ikulira pansipansi ngati ikutchula dzina langa. Mumati Satana amabwera ndi nyanga? Kwa ine anabwera ndi zitseko ziwiri!

Mumtima ndinali nditaikweza kale pagalimoto. Ndinali nditaiimika kale pakhonde ku Kabwata, mabotolo a munkoyo ali ndandanda, akutuluka thukuta lozizira. Zifukwa nazo zinabwera zitavala bwino ngati zikupita kutchalitchi. Kodi Madalitso sindinamubereke kumsana ine? Kodi si mwambo wathu? Kodi ndapempha, si andipatsa okha?

Bana Mwansa anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko, duku lakuda kumutu, maso pa simenti. Tonse m'nyumbamo tinkadziwa kuti filijiyo ndiyo munda wake. Amasungamo nkhuku zoduladula ndi nsomba zimene amagulitsa pamsika wa Chelstone. Ukachotsa filiji, wachotsa mbale pakamwa pa ana.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zikomo. Panatuluka nyimbo.

Ndikuuzeni kumene inachokera. Ine sukulu ndinangoinunkhiza. Baibulo ndimawerenga ndi chala, chilembo ndi chilembo, ngati nkhuku yotola mapira. Vesi limene timapatsidwa Lachinayi kumsonkhano wa amayi limanditengera sabata yonse. Ndiye kuti lisandithawe, ndimaliveka nyimbo yangayanga, n'kumaiimba posefa munkoyo, potsuka mabotolo, pomenyana ndi udzudzu. Lija lonena za akazi amasiye ndi ana amasiye ndinaliveka nyimbo kalekale, nthawi ya mvula, ndisakudziwa kuti lidzandigwira pakhosi ku Chelstone.

*Wamasiye ali n' mwini, ee!*
*Mwini wake sagona, ee!*
*Dzanja langa, bwerera, bwerera!*

A Yotamu anatong'ola maso. “Muimba pa msonkhano wa banja? Mwapenga?”

“Achimwene, filiji iyi ili na mwini.”

“Mwini tamusiya kumanda!”

“Uyo mwamusiya kumanda anali wosunga chabe. Mwini wa amasiye sanafe, ndipo ali kutiona. Komanso akazi anu, alamu anga awa akhala apa, nawonso akuona m'mene abale adzagawire mipando yanu inu mukadzapita. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.”

Akazi a Yotamu anakhosomola, nakonza chitenje. “Ba Yotamu,” anatero motsitsa mawu, “mvelani ba sisita.”

Wina anaseka kukhonde. Msuweni wa matiresi uja anayamba kuyang'ana kudenga. Wa wailesi yakanema anabweza limoti patebulo mwakachetechete, ngati yamuotcha. Pamapeto pake abale anatenga majekete ndi nsapato za chikumbutso basi. A Yotamu anatuluka osatsanzika, ndipo mpaka lero foni yanga sakuiyankha. Zikundipweteka, ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Koma adzayankha. Ndiwadziwa, mkwiyo wawo ndi moto wamapesi.

Tsono tiyeni tikambirane, a Lusaka anzanga. Mzinda uno Mabaibulo ndi ambiri kuposa matomato a pamsika wa Soweto! Lina lili kutsogolo kwa minibasi, lachita kupsa ndi dzuwa. Lina lili pansi pa pilo, akuti lithamangitse maloto oipa. Ku Kabulonga kwa olemera lili pashelefu yagalasi, lokongola, lagolide m'mbali, losatsegulidwa chigulire. Mavesi tawalemba kumbuyo kwa mabasi, pazikwangwani za masaluni, ngakhale pa mawilibala a ku City Market.

Nanga bwanji Akhristu omwewa, amene taimba usiku wonse pamaliro mpaka mawu kusasa, m'mawa mwake ndife oyamba kunyamula sitovu ya mkazi wamasiye? Lamulo la boma loletsa kulanda katundu lilipo, inde. Koma lamulo silikhala nawo pabalaza paja chitseko chikatsekedwa. Pamakhala iwe, dzanja lako, ndi chimene unaika mumtima.

Pabalaza pa ku Chelstone panali Mabaibulo, musaganize kuti panalibe. La a Yotamu linali pamiyendo pawo, lotseka ndi zipi. Langa ndinaliiwala ku Kabwata! Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mawu a Mulungu nawonso, ako ndi amene wameza.

Chiyeso sichikupatsa mpata woti uthamangire kunyumba ukatsegule tsamba. Sichigogoda n'komwe! Chimakupeza wakhala bwino pakati pa abale, onse akugwedeza mutu kuti tenga, ndi zako. Nthawi imeneyo chotuluka pakamwa ndi chimene wakhala ukutafuna sabata ndi sabata. Ukatafuna miseche, idzatuluka miseche. Ukatafuna Mawu, adzatuluka Mawu, ngakhale iwe mwini ukufuna kunena zikomo.

Musandiyese wolimba ine. Filiji ija ndinaifuna, ndipo ndikuifunabe! Amene analimba ndi Mawu, ine ndinangokhala mphika wake.

Ndisananyamuke, bana Mwansa anatsegula chitseko chapamwamba cha filiji ija, natunga madzi m'kapu, nagwada. “Ba mayo, mwaniko.” Ndinamwa. Anazizira mpaka m'mano, mpaka kumsana, mpaka kuzidendene! Sindinamwepo madzi okoma chotero, a m'filiji imene sindinatenge. N'chifukwa chake kondakitala uja anandipeza ndikuvina.

Munkoyo wanga ukadali wofunda, bwerani mudzagule choncho, muuzire ngati phala. Koma ndikufunseni, inu a Baibulo la zipi: filiji yanu ikadzakuitanani ndi dzina, pakamwa panu padzatuluka chiyani?